Njinga yoti phazi langa lifike pansi

Sabata yathayi ndinaima pa Chimbiya kuti ndigule tomato ndi anyezi, ndisanavule n'komwe helemeti kunabwera mtsikana wina, anayang'ana njinga yanga yamoto, anandiyang'ana ine, kenako anati, "Anti, imeneyi ndi yanuyanu kapena ndi ya kuntchito?" Nditamuuza kuti ndi yanga ndinagula ndi ndalama zanga, anakhala kaye chete nde anayamba kundifotokozera kuti iyenso akusunga ndalama chifukwa ntchito yake ndi yoyenda m'midzi ndipo za kabaza zikumuthera malipiro, koma aliyense amene wamufunsa akumuuza zosiyana, achimwene ake akuti agule Lifo, ija ya anyamata a kabaza, mnzake wamwamuna akuti sukuta ndiye ya atsikana, kuntchito akuti adikire kaye mwina kubwera za ofesi. Tinacheza pafupifupi ola lathunthu tili chiimire pambali pa msewu magalimoto a pa M1 akutidutsa, ndipo pobwerera kunyumba ndinkangoganiza kuti mafunso akewo ndi omwe aja ndinali nawo ine ndipo panalibe mzimayi woti ndimufunse. Nde ndati ndingolemba zonse pano.

Ine ndimakhala ku Dedza, ntchito yanga ndi yoyendera magulu a alimi ndi a banki mkhonde, tsiku lina ndili cha ku Bembeke, lina ku Mayani, lina ku Lobi, ndipo kamodzi kapena kawiri pa mwezi ndimatsikira ku Golomoti ndi ku Mtakataka. Amene mumakudziwa kuno mukudziwa kuti m'malo ambiri tala amathera pa msewu waukulu, ukangokhota basi ndi fumbi, mchenga m'madambo, miyala m'zitunda, dzinja likafika dothi lofiira lija limaterera ngati therere. Ndipo ndine wamfupi, masentimita 155, zimenezi ndizitchule msanga chifukwa nkhani yonseyi yagona pamenepo.

Njinga yoyamba kuyendetsa inali ya kuntchito, ija yayitali ya m'tchire yokhala ndi madigadi okwera m'mwamba. Anandiphunzitsa masiku ochepa pa bwalo la mpira, pamalo osalala, ndipo ndinkatha ndithu kuyendetsa, kusintha magiya, kukhota. Vuto linali poima. Ndikakhala pa mpando, pansi pankangofika nsonga za zala, zonse ziwiri ayi, ndinkachita kusendera mbali imodzi. Ndinawauza anzanga aamuna aja, anangoti muzolowera mayi, tonse tinayamba choncho. Koma iwowo akaima mapazi onse amakhala phwaa pansi, sankadziwa zomwe ndimanena.

Tsiku lina mu February ndikupita ku msonkhano wa gulu, panjira panali kamlatho ka mitengo, kutsidya kwake kachitunda, nde pamwamba pa kachitundapo panatulukira ng'ombe zikukoka ngolo. Ndinafinya buleki, njinga inaima bwinobwino, ndinatsitsa mwendo wamanzere kuti ndiponde, pansi panalibe. Mbali imeneyo madzi anali atakokolola dothi, panali kamgula kakang'ono chabe koti munthu wamtali sakanakamva n'komwe. Njinga inapendekeka pang'onopang'ono ine ndikuiona, ndinayesa kuigwira koma kulemera kwake kunanditenga, tinagwa tonse, mwendo unatsalira pansi pake ndipo pomwe ndimayesa kudzisolola katumba wa mwendo winawo anakhudza ekizozi. Chipsera chake ndili nacho mpaka lero, chachikulu ngati chikhatho cha mwana. Mnyamata wa ngolo uja ndi amayi awiri omwe amachokera kudimba ndi amene anandichotsa njingayo pamwendo, mmodzi mwa amayiwo akungoti pepani mwanawe, pepani, zinthu izi n'za amuna. Mawu amenewo anandipweteka kuposa moto wa ekizozi, chifukwa ndinkadziwa kuti sindinalakwitse chilichonse poyendetsa, njingayo sinali ya msinkhu wanga basi.

Ndinakhala miyezi ingapo ndikuopa, ndinabwerera pa kabaza ndi pa njinga yakapalasa. Koma ntchito yanga kabaza siyikwana, munthu umafika pamudzi, msonkhano umachedwa kuyamba chifukwa kuli maliro kapena anthu ali kumunda, wakabaza sangakudikire maola atatu, akapita nde kubwerera kwake ndi mwayi. Ndinaganiza zogula yanga, koma ulendo uno ndinalumbira kuti palibe amene andisankhire.

Chinthu choyamba chimene ndinaphunzira, chomwe palibe wogulitsa aliyense anandiuza, n'choti njinga iliyonse ili ndi muyeso wa kutalika kwa mpando kuchokera pansi ndipo umalembedwa m'kabuku kake, pa intaneti umapezekanso. Yamaha XTZ 125 mpando wake uli pa masentimita pafupifupi 84, pomwe Yamaha YBR 125 uli pa 78. Mungaone ngati masentimita 6 ndi kanthu kochepa, kutalika kwa chala chabe, koma kwa ine ndi kusiyana kwa kuponda ndi chala chachikulu ndi kuponda ndi theka la phazi. Ndinatenga tepi ya telala, ndinaima chotsamira khoma nditavala nsapato zomwe ndimayendera, ndinayeza kuchokera pansi mpaka pomwe miyendo imakumana, nambala imeneyo ndinailemba mufoni ndipo ndi imene ndinkayenda nayo. Msinkhu wonse suthandiza kwenikweni, pali azimayi aafupi a miyendo yayitali, palinso aatali a miyendo yayifupi.

Komanso nambala payokha siyikwana. Mpando wotambalala umakutangadza miyendo nde phazi limafika pansi movutikira ngakhale mpandowo uli wotsika, pomwe mpando wowonda kutsogolo kufupi ndi thanki umalola mwendo kutsika molunjika. Ndipo njinga imaphwa pang'ono munthu akakhalapo, mwamuna wa makilo 80 amaitsitsa kwambiri kuposa ine. N'chifukwa chake ndinamuuza mtsikana uja kuti asagule njinga imene sanakhalepo yekha, achotse sitandi, aiimike chilili, aipendeketse pang'ono kumanzere, pang'ono kumanja, amve ngati mwendo ukutha kuibweza. Ayesenso kuikankha chobwerera ali chikhalire, chifukwa njinga ilibe rivesi ndipo tsiku lina udzalowa pa kanjira kothera pa mpanda wa munthu. Sikuti mapazi onse awiri ayenera kukhala phwaa ayi, ine ndimaima ndi lamanzere, lamanja limakhala pa buleki ya kumbuyo, koma phazi limodzi limenelo liziponda mwamphamvu osati mongonyomphola.

Tsiku lopita kukaona njinga ku Lilongwe ndinatengana ndi achimwene anga aakulu. Sitolo yoyamba, ndalama zili m'chikwama changa, mafunso ndikufunsa ndine, koma wogulitsa mayankho onse akupereka kwa achimwene. "Bwana, iyi nde yamphamvu, imanyamula matumba atatu osadandaula." Achimwene anamuuza kuti wogula ndi mlongo wangayu, woyendetsanso ndi yemweyu. Mnyamata uja anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi nde anati, "Aaa ngati ndi ya asisiwa bwerani kuno," n'kutitengera pakona pomwe panali sukuta yofiira. Ndinamufunsa ngati anafikako ku Mayani nthawi ya mvula, anati ayi. Ndinapempha kuti ndikhale pa njinga ya magiya yomwe inali pakhomo, anayamba kuzengereza kuti mwina ndiigwetsa ikalika, mpaka achimwene anachita kunena kuti ikakalika tilipira. Kumtima kunandiwawa ndithu, ndalama zimenezo ndinasunga zaka ziwiri, masheya a banki mkhonde ndi phindu la mbatata zanga za kachewere, ndiye munthu azindiona ngati ndangoperekeza.

Sukuta sindikuinyoza ayi, mundimve bwino. Ngati mumakhala ku Area 25 mukugwira ntchito m'tauni, kapena ku Zomba kapena ku Blantyre komwe ulendo wanu wonse ndi wa pa tala, sukuta ndi yabwino zedi, ilibe kilatchi, ilibe zosintha magiya, mwendo sukwera pamwamba pa mpando umangodutsa pakati, ukhoza kukwera utavala siketi, pansi pa mpando pali poika kachikwama. Koma matayala ake ndi ang'onoang'ono, ambiri ndi a mainchesi 10 kapena 12 pomwe a njinga ya magiya ndi 17 kapena 18, ndipo tayala laling'ono likalowa m'dzenje limalowa lonse, pa mchenga limakumba, pansi pake pamagunda miyala. Zoti sukuta ndi ya azimayi ndipo ya magiya ndi ya amuna ndi zomwe ndimakana, funso ndi loti msewu wako ndi wotani.

Za Lifo, Sanlg, King Lion ndi zina zomwe anyamata a kabaza amayendera, ndinaziganizira kwambiri ndipo pang'onong'ono ndikanagula. Ubwino wake waukulu ndi woti mtengo ndi wofikirika ndipo masipeya ali paliponse, pa tuledingi iliyonse pali kasitolo kogulitsa pulagi, tcheni, kebulo ya kilatchi, machubu, ndipo makaniko aliyense wa pansi pa mtengo amaidziwa mkati ndi kunja. Zambiri mipando yake si yayitali. Izi si zazing'ono kwa mzimayi woyenda yekha, njinga ikakufera 4 koloko madzulo uli kutali ndi kwanu chomwe umafuna ndi munthu woti akonze pompo usanade. Boxer ya Bajaj ndi TVS nazonso ndinakhalapo, zili bwino, zolimba, zopangidwira katundu ndi misewu yathu yomwe ino. Amene mukufuna yatsopano pa ndalama zochepa musachite manyazi kuyang'ana kumeneko, kungoti muziisamala, kuthira oyilo pa nthawi yake ndi kumanga mabawuti pafupipafupi poti misewu yathu imagwedeza chilichonse.

Koma pali nkhani ya mapepala. Kuno tili m'malire, Mozambique ili tsidya la msewu, ndipo njinga zambiri zimalowa kuchokera kumeneko. Munthu wina anandibweretsera imodzi pakhomo, yooneka bwino, mtengo wotsika moti mtima unadumpha. Nditafunsa mapepala anati mayi musadandaule timayenda choncho tonse. Ndinakana. Njinga yopanda mapepala a MRA simungailembetse ku Road Traffic, yopanda nambala simungaidulire inshuwalansi, ndipo tsiku lomwe mwagundana ndi munthu kapena yabedwa mulibe poyambira. Mwinanso ndi yoba, inu osadziwa. Anyamata ena akaona apolisi amakhotera kumunda, ine sindingathe moyo umenewo, ndikufuna ndizifika pa rodibuloko mtima uli m'malo.

Imene ndinkaisirira kwenikweni ndi Yamaha AG 200, ija mumaiona ndi alangizi ndi anthu onyamula magazi okayezetsa kuchokera m'zipatala zing'onozing'ono. Njinga imeneyo anaiganizira bwino, tcheni chake ndi chotsekeredwa m'chikuto moti matope ndi nsalu sizifikako, ili ndi sitandi mbali zonse ziwiri, makaliyala kutsogolo ndi kumbuyo, giya yoyamba ndi yodekha yoti ukhoza kuyenda liwiro la munthu wapansi. Mnzanga wina wamtali amayendetsa imeneyo ndipo safuna kumva za ina. Ine nditakhalapo zinali zomwe zija, nsonga za zala, ndipo mtengo wake ngakhale yogwiritsidwa kale ntchito unali kutali ndi thumba langa. Ndinatsikapo ndikuikonda koma ndikudziwa kuti si yanga.

Mapeto ake ndinagula YBR 125 yakale pang'ono kwa bambo ena omwe anapuma pa ntchito. Ndinapita ndi makaniko amene ndimamukhulupirira, ndipo iyeyo anandiuza kuti tifike m'mawa osanena nthawi, kuti tikaipeze injini ili yozizira, chifukwa injini yotopa ikatenthetsedwa kale imalira bwino n'kukunamiza. Anagwira injini ndi dzanja kaye, kenako anailiza, anaima kumbuyo kuyang'ana utsi, anati utsi wobiriwira ngati wa buluu ndiye kuti ikudya oyilo. Anandionetsa mano a sipuloketi kuti akakhala osongoka opindikira mbali imodzi ngati minga ndiye kuti tcheni ndi masipuloketi onse ndi ogula, anapanikiza mafoloko akutsogolo n'kupaka chala kuona ngati akutuluka oyilo, anagwedeza tayala la kumbuyo uku ndi uku kumvetsera mabering'i. Kenako anagwada ndi tochi ya foni kuwerenga nambala ya tchesisi pakhosi pa njinga ndi nambala ya pa injini, ine ndikuwerenga za pa pepala mokweza, chilembo chimodzichimodzi. Bambo aja ankangomwetulira, anati, "Mayi, mwabwera okonzeka." Atatha zonsezo makaniko uja anabwerera m'mbuyo nati, "Asisi, zanga zatha, tsopano khalanipo inuyo, ine sindingakuuzeni ngati ikukukwanani." Ndinakhalapo, ndinachotsa sitandi, phazi lamanzere linaponda pafupifupi lonse. Ndinangomva mapewa akumasuka.

Masipeya ake ena sapezeka pa tuledingi, ndimachita kuitanitsa ku Lilongwe ndipo ndi okwererapo mtengo, zimenezo ndinazivomera ndikudziwa. Ndimayenda ndi pulagi yapadera, kebulo ya kilatchi, chubu, kapampu ndi masipanala m'kachikwama komangirira pa kaliyala.

Nditafika nayo kunyumba ndinaisinthako zinthu zingapo kuti ikhale yangadi. Mpando ndinapita nawo kwa bambo wokonza masofa, anavula chikopa, anasenga siponji kutsogolo ndi m'mbali pafupifupi masentimita awiri, n'kubwezeretsa chikopa, ntchito ya ola limodzi. Musachotse siponji yambiri, msana ndi matako zidzakuuzani mukayenda makilomita 40 pa msewu wa mabampu. Mashoko akumbuyo ali ndi kamphete kosinthira kulimba kwa sipuling'i, anali atamangidwa molimba ngati ya munthu wonyamula matumba, makaniko anaufewetsa, njinga inatsikanso pang'ono ndipo inasiya kundidumphitsa. Zogwirira za kilatchi ndi buleki anazipendeketsa kuti zigwirizane ndi dzanja langa, kebulo ya kilatchi anaithira oyilo. Ichi chomalizachi musachipeputse, manja athu ambiri ndi aang'ono, kilatchi yolimba imatopetsa dzanja moti pofika masana zala zimakana, ndiye pogula ifinyeni kakhumi motsatizana mumve.

Ina ndi sitata. Kuno ku Dedza mu June ndi July kumazizira zoti simungamvetse ngati simunagoneko, m'mawa nkhungu ili thoo, injini imavuta kudzuka. Njinga ya kiki yokha kwa munthu wamfupi ndi chintchito, umayenera kuimirira pamwamba pake mwendo umodzi ukuponda kiki wina ukusaka pansi. Yang'anani yokhala ndi zonse ziwiri, batani ndi kiki, batani la tsiku ndi tsiku makamaka ikakuzimira pakati pa chitunda, kiki ya tsiku lomwe batire lafooka.

Kudzutsa njinga ikagwa ndi chinthu chomwe ndinachiphunzira dala, chifukwa mantha anga aakulu sanali kugwa koma kugwa pamalo popanda munthu. Njinga ya 125 imalemera makilo opitirira 100, ukaigwira choyang'anizana nayo n'kumakoka ndi manja umangothyola msana. Njira yake ndi iyi, zimitsa injini, ikhale mu giya kuti isagubuduke, tembenuka uipatse msana, khala chonjuta matako atsamire m'mphepete mwa mpando, dzanja limodzi ligwire handulo ya pansiyo lina ligwire chitsulo cha kaliyala, kenako uzikankha ndi miyendo chobwerera m'mbuyo timasitepe ting'onoting'ono. Ngati yagwera kumanja yamba watambasula sitandi kuti isapitirire kugwera mbali inayo. Ndinayala matumba pa kapinga kuseri kwa nyumba, ndinkaigoneka pang'onopang'ono n'kuidzutsa, mwana wanga wamkazi akuwerenga. Ife amene tinakula tikusenza ndowa za malita 20 ndi mitolo ya nkhuni mphamvu za m'miyendo tili nazo kale, chimene sitinauzidwe ndi kagwiridwe.

Tsopano nkhani ya zovala, yomwe mtsikana uja anaifunsa motsitsa mawu ngati akuopa kuti wina amva. Chitenje ndi njinga yamoto siziyenderana, ndikunena izi ndi mtima wonse. Nsonga ya chitenje kapena siketi yayitali ikakodwa mu tcheni kapena m'masipoko imakukokera pansi nthawi yomweyo, ndipo ngakhale amayi okwera kumbuyo pa kabaza, chonde, muzikulunga nsaluyo n'kuipana bwinobwino musananyamuke. Ine ndimayendetsa nditavala thalauzi yolimba, jinzi, ndi nsapato zotseka zofika mu akakolo, osati masilipasi. Chitenje chimakhala chopinda m'chikwama, ndikafika pamudzi ndimaima kaye chapatali pansi pa mtengo, ndimachimanga pamwamba pa thalauzi, kenako ndikupita kukapereka moni kwa amfumu. Sindiona ngati ndikudzichepetsa pochita zimenezo, ndi ulemu wa kwathu ndipo ndimaukonda, komanso sindilola kuti ulemu undiphe pamsewu.

Mayi anga poyamba zinawavuta. Iwowo anakula nthawi ya Kamuzu pomwe lamulo la 1973 linkaletsa azimayi kuvala thalauzi, mpaka zinthu zinadzasintha nthawi ya matipate, ndipo ambiri tikukumbuka January 2012 pomwe azimayi ankavulidwa m'misika ya m'mizinda yathu chifukwa chovala mathalauzi ndi masiketi aafupi, mpaka azimayi anachita kusonkhana ku Blantyre kudzudzula mchitidwewo. Ndiye mayi akamati mwana wanga anthu aziti chiyani, ine ndimawamvetsa, mantha awo ali ndi pochokera. Ndinawaonetsa chipsera chija, ndinawauza kuti tsiku limenelo ndinali nditavala siketi, ndikanavala jinzi sichikanafika pamenepo. Anachigwira ndi chala, sananene kanthu. Masiku ano ndikapita kumudzi iwo ndi amene amayamba kufunsa ngati ndabwera ndi helemeti yachiwiri kuti ndiwaperekeze kuchigayo.

Helemeti nayo ili ndi masaizi ngati nsapato, zomwe anthu ambiri sadziwa poti tinazolowera ija imodzi ya wakabaza yovala aliyense. Yezani mutu ndi tepi pamwamba pa nsidze, wanga ndi masentimita 55, ndimavala S. Zambiri zomwe zimabwera ndi njinga ndi zazikulu, ukagwedeza mutu imatsalira, yoteroyo pa ngozi imavuka usanafike pansi. Ndipo ife tili ndi nkhani ya tsitsi, helemeti yomwe ikukukwana utameta kapena utaluka mizere yogona siyilowa ukaluka zingwe zazikulu kapena ukamanga tsitsi pamwamba. Ine ndinasankha kumaluka zogona, osati kugula helemeti yaikulu yoti izikwana tsitsi. Ndimavala kampango kopyapyala mkati, ndipo lamba wa pachibwano ndimamanga ngakhale ndikupita pa sitolo pomwepa. Amene munapitako ku wodi ya mafupa ku Kamuzu Central kapena ku Queens mukudziwa kuti ambiri ogona m'menemo ndi a ngozi za njinga zamoto, ine ndinakazondako mwana wa aneba ndipo zimene ndinaona sizichoka m'maso.

Za layisensi musazidumphe. Ya A1 ndi ya njinga zosapitirira 125cc, yoposa pamenepo imafuna A, choncho ganizirani zimenezi musanakopeke ndi 150 kapena 200. Kwa ine 125 ikukwana, imakwera zitunda zonse za kuno ndili ndi katundu wanga, petulo imamwa pang'ono moti nthawi ya mizere ya mafuta ija thanki imodzi inkandisunga masiku ambiri. Ndipo powerengera ndalama musathere zonse pa njinga, siyani za helemeti, magolovesi, jekete, kusintha umwini, inshuwalansi ndi sevisi yoyamba. Mitengo sindilemba chifukwa kuchokera pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 mtengo wa lero si wa mawa, funsani masitolo angapo sabata yomwe mukugulayo.

Ulendo umene ndinadziwira kuti ndasankha bwino unali wotsika Khwekhwelere kupita ku Golomoti. Msewu umenewo ndi wokhotakhota, kutsetsereka kwake kwakutali, mbali ina phompho, ndipo kale ndinkatsika pamenepo pa kabaza nditatseka maso. Tsiku limenelo ndinaika giya yachiwiri, pena yachitatu, kuti injini izigwira yokha mabuleki asatenthe, ndikutsika mwakachetechete, kutsogolo chigwa chonse chili poyera mpaka kunyanja. Pa kona ina ndinapeza lole itaima pakati pa msewu, anyamata akuika miyala kumatayala, ndipo kumbali kunali kotsalira kochepa kokhala ndi timiyala. Ndinaima. Phazi linatsika, linapeza pansi, linagwira. Ndinadikira mpaka mmodzi wa anyamatawo anandikodola kuti dutsani mayi, ndinadutsa pang'onopang'ono, ndipo nditafika kumunsi kuja kotentha ndinaima pansi pa mtengo wa mlambe n'kuvula jekete, manja sankanjenjemera n'komwe.

Mtsikana wa pa Chimbiya uja dzulo wanditumizira chithunzi pa WhatsApp, ali mu sitolo ina ku Lilongwe wakhala pa njinga yakuda, sitandi wachotsa, ndipo chithunzicho sanajambule nkhope, wajambula phazi lake lamanzere lili pansi. Pansi pake walemba kuti, "Anti, iyi ikufika, koma kilatchi ndi yolimba, nditani?" Ndamuuza kuti awapemphe athire oyilo mu kebulo ayesenso, ikakanabe ayang'ane ina, asafulumire. Tapangana kuti Loweruka abwere kunyumba atavala jinzi, matumba aja ndikadali nawo, tikayale pa kapinga ayambe kuphunzira kudzutsa yanga asanagule yake.